Helikopita Ikasochera Pafupi ndi Bwalo la Ndege

Funso: Akuluakulu, ife a ku Kuku timaona helikopita zikudutsa pamwamba pa madenga athu; kodi woyendetsa akalowa mosadziwa m'dera la bwalo la ndege, chimachitika n'chiyani?

Yankho: Bambo, ngakhale thambo lioneka lopanda malire, mlengalenga wozungulira bwalo la ndege la Kenneth Kaunda uli ndi mipanda yosaoneka, ndipo palibe wololedwa kulowamo popanda chilolezo cha oyang'anira a pansanja, amene amalekanitsa ndege kuti zisawombane. Wosochera, kaya chifukwa cha mitambo, mphepo kapena kusawerenga bwino mapu, ayenera kulankhula nawo msanga pawailesi, kunena pamene ali, ndi kumvera njira imene amupatsa. Pambuyo pake bungwe la Zambia Civil Aviation Authority likhoza kufufuza mlanduwo. Akakhala chete ndiye kuti waika miyoyo pachiswe, pakuti safunsa anadya phula.