Kulira kwa Difu ya Galimoto Yokalamba

Galimoto imene yayenda zaka zambiri pa mseu wa Mtakataka, Mua ndi Golomoti, tsiku lina iyamba kulira chakumbuyo, kulira kosalekeza konga mphepo yolowera pa mng'alu wa chitseko. Eni ake ambiri angokweza wailesi. Komatu galimoto yomweyo ndiyo idzanyamule wodwala usiku kunka naye ku chipatala cha Mua. Ndipo difu ikagwira pa chitunda cha Khwekhwelere, mawilo akumbuyo aima mwadzidzidzi anthu ali momwemo.

Difu ndi chija chotupa ngati mphika, chokhala pakati pa mawilo akumbuyo a galimoto zonga Toyota Hilux. M'kati mwake muli giya yaing'ono, dzina lake piniyoni, imene izunguza giya yaikulu yotchedwa kirauni. Zonse ziwiri zisamba m'oyilo.

Makaniko wanzeru sathamangira sipanala, ayamba ndi khutu. Aiyendetsa galimotoyo pa tala, naponda mafuta, nalekanso. Kulira kukamasintha motsata phazi, mlandu uli m'difu. Kukamveka poponda, kawirikawiri ndi mano a magiya amene aperepeseka. Kukamveka poleka, monga potsika phiri, ndiye kuti mabelingi a piniyoni akhwepa. Koma mkokomo wosasamala za phazi, umene ungokula pokhotera mbali imodzi, ndi wa belingi ya wilo. Umene usintha galimoto ikachoka pa tala kulowa m'fumbi ndi wa matayala chabe, ndipo n'zachisoni kugula difu yathunthu chifukwa cha tayala.

Tsono aona oyilo. Ayamba kumasula chotsekera chapamwamba, pakuti wokhetsa oyilo yense n'kupeza kuti pothirira pakana kutseguka, agona pomwepo. Oyilo ayenera kulekeza pa mlomo wa bowolo. Akakhala wochepa, pali podontha, makamaka pa silo ya piniyoni. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi. Nthenda imeneyi njofala ku chigwa kuno nthawi ya dzinja, pamene galimoto ziwoloka mitsinje m'tinjira ta kumidzi. Difu yotentha ikamira m'madzi ozizira, mpweya wa m'kati mwake unyala, ndipo madzi akokedwa kudzera pa kabowo kopumira ka pamwamba. Oyilo wotere sateteza chitsulo, ndipo mabelingi achita dzimbiri.

Chotsekera chapansi kawirikawiri chili ndi maginito. Pakakhala phala lakuda losalala, palibe choopsa. Pakakhala tizibenthu tolasa chala, galimotoyo isanyamulenso anthu kufikira difu itatsegulidwa.

Vuto likadziwika msanga, akwanira oyilo watsopano wa magiya wa mtundu wa GL-5, monga 80W-90, kapena amene buku la galimotoyo linena. Koma mano amene atha samera. Oyilo wolimba angophimba kulirako kanthawi, ndiwo machenjera a ogulitsa ena, wogula achenjere.

Potsegula, makaniko aika mabelingi ndi silo zatsopano, namanga piniyoni pa muyeso wake, osati mongoyerekeza ndi dzanja. Kirauni ndi piniyoni zisinthidwa pamodzi, chifukwa zinanoledwa pamodzi ku fakitale. Mpata wa pakati pa mano ao ndi waung'ono zedi, wosafika ngakhale theka la milimita, ndipo aupima ndi geji. Potsiriza apaka utoto pa mano angapo a kirauni, nazunguza: chidindo chikagwa pakati pa dzino, atseka difu, chikagwa kunsonga kapena kutsinde, ayambanso kupima.