ZA CHITSA CHIMENE CHIPHA TIYI

Inu eni mabanja a m'tsinde mwa phiri la Mulanje, kapena munaona m'munda mwanu mtengo wa tiyi ulikuchita chikasu, nufota, nuuma. Ndipo m'mbuyo mwake unzake wa pafupi utsatira, kufikira patsala dazi pakati pa munda. Musafulumire kunena kuti wina wakuchitani chipongwe. Tengani khasu, mufukule patsinde. Mukapeza khungwa long'aluka, ndi pansi pake zoyera zoyalana ngati pepala, zonunkha bowa, dziwani kuti nthendayo ndi bowa wa m'mizu amene ophunzira amutcha Armillaria. Tayang'anani bwino pafupi pomwepo: kawirikawiri mudzapeza chitsa chakale.

Bowa ameneyu anasautsa kwambiri minda ya tiyi ya kuno pamene anthu analikutsegula nkhalango. Tsono Bwana Robert Leach, wodziwa za matenda a zomera m'Boma la Nyasaland, anafunafuna chiyambi chake m'minda ya dziko lino, nalemba zimene anapeza m'chaka cha 1937 ndi cha 1939.

Chimene anapeza ndi ichi. Mtengo uli ngati banja. Masamba ndiwo aphika chakudya padzuwa. Chakudyacho chitsika ndi m'khungwa kunka kumizu, ndipo mizu ndiyo nkhokwe yake, mosungidwa chakudya chonga ufa. Madzi okha ndiwo akwera ndi m'kati mwa thunthu. Munthu akagwetsa mtengo wamoyo ndi nkhwangwa, asiya nkhokwe yodzala pansi pa nthaka yopanda mwini. Bowa uja alowamo, nadya, nakula mphamvu. Ndipo muzu wa tiyi ukakhudza muzu wa chitsacho, bowa awolokera komweko.

Koma mukayamba mwasenda khungwa kuzungulira thunthu, njira ya chakudya yatsekeka, ngakhale madzi akwerabe. Mizu idya za m'nkhokwe mwake kufikira zitatha, nifa ili yopanda kanthu. Pamenepo nkhungu zina za m'nthaka, zosapha mitengo, zifulumira kulowamo, ndipo Armillaria asowa chakudya ndi malo omwe. Nzeru imeneyi inamveka ndi kumaiko ena kumene alima tiyi.

Chifukwa chake chitani motere:

1. Mukafuna kuchotsa mtengo pamalo pamene mudzabzalapo tiyi kapena khofi, musaugwetse uli wauwisi. Sendani khungwa lonse kuzungulira, osasiya ngakhale kamzere, pakuti pa kamzereko chakudya chidzatsikabe.

2. Thyolani mphukira zonse zotuluka kunsi kwa bala, chifukwa zikakhala ndi masamba zidzadyetsanso mizu.

3. Dikirani kufikira mtengo wauma ndithu, kungakhale kupite chaka kapena kupitirira. Ndipo pogwetsa, zulani chitsa ndi mizu yaikulu monga mungakhoze.

4. Tiyi amene wadwala kale sachira. Mukumbeni pamodzi ndi mizu yake yonse, muitenthe; musasiye zidutswa m'dzenje, ndiponso musabzalemo msanga.

5. Si chikasu chonse chichokera kwa bowa. M'chaka cha 1933 Bwana Leach yemweyo ndi mnzake H. H. Storey anaonetsa kuti tiyi wa ku Mulanje achitanso chikasu, ndi masamba aang'ono, nthaka ikasowa salifa. Nthenda imeneyo ichira ndi feteleza wokhala ndi salifa. Fukulani kaye muone mizu, kuti mungataye ndalama pa mankhwala osayenera.

Pali chenjezo limodzi. Nzeru iyi ndi ya mtengo wa m'munda mwanu umene uyenera kuchoka ndithu. Nkhalango ya m'phiri inaikidwa m'manja mwa Boma m'chaka cha 1927, ndipo mkungudza wake watsala pang'ono kutha. Wosenda mitengo ya kumeneko kapena ya m'mbali mwa mitsinje alakwira lamulo, naumitsa madzi a ana ake omwe.

Mukakayika, tengani muzu wodwala, mukaonetse mlangizi wa zaulimi, kapena a ku malo ofufuzira za tiyi ku Mimosa. Tiyi akhala m'munda zaka zambirimbiri, ndipo adzadyetsa adzukulu anu. Musaumire chaka chimodzi cha kudikira.