Mfuti, Nswala ndi Mkazi Wovina: Mawu a Matanthauzo Awiri m'Nthabwala Zolaula za Alenje a ku Amereka

1. Mawu Oyamba

Chaka ndi chaka, mwezi wa Novembala ukafika, amuna ambirimbiri a kumpoto kwa United States amasiya ntchito ndi mabanja awo napita kunkhalango kukasaka nyama yotchedwa 'deer', imene mabuku a Chichewa amaitcha nswala. M'chigawo cha Wisconsin nyengo yosaka ndi mfuti imatenga masiku 9, ndipo ogula chiphaso chake amaposa 500,000. Ku Michigan imayamba pa 15 Novembala ndi kutha pa 30. Alenjewa amagona m'misasa, ndipo usiku ena mwa iwo amapita ku timizinda tapafupi kumene kuli nyumba za mowa m'mene akazi amavina akuvula zovala kuti apatsidwe ndalama. Nyumba yotere m'Chingerezi imatchedwa 'strip club'. M'nkhani ino idzatchedwa nyumba ya gule wovula. Mzinda wa Hurley ku Wisconsin, umene udakula ndi migodi ya chitsulo ndi ntchito yodula mitengo, udatchuka ndi nyumba zotere mu msewu wake wa Silver Street.

Pakati pa msasa ndi nyumba ya gule wovula padabadwa mtundu wa nthabwala umene umasakaniza mawu a mfuti ndi mawu olaula. Wophunzira ziyankhulo za Chibantu akamva zotere, msanga amakumbukira chisuweni ndi zolaula za adzukulu pa maliro, naganiza kuti wapeza chinthu chomwecho m'chiyankhulo china. Cholinga cha nkhani ino ndi kusonyeza kuti kufananako kulipo ndithu, koma kumathera panjira. Chimene chisiyanitsa ziwirizi si kukula kwa zolaula, koma ngati munthu wosekedwayo ali ndi mwayi wobweza mawu.

2. Mawu Amene Nthabwala Zimatsamirapo

Mlenje wa nthabwala sapeka mawu atsopano. Amangotola mawu amene ali kale m'ntchito yake, amene mwa mbiri ya Chingerezi adanyamula matanthauzo awiri. Magulu asanu otsatirawa ndiwo amamveka kawirikawiri.

(a) Mneni 'strip' amatanthauza kusenda, kuchotsa chophimba, kapena kuvula. Mlenje akamasula mfuti yake m'zidutswa kuti aipukute amati wachita 'field strip'. Palinso kachitsulo kopyapyala kamene kamagwira zipolopolo 5 kapena 10 pamodzi kuti zilowe m'mfuti nthawi imodzi. Dzina lake ku Amereka ndi 'stripper clip', chifukwa chala chachikulu chimapulula zipolopolo pa kachitsuloko. Kachitsuloka kadayamba ndi mfuti za Mauser chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Tsono m'zaka za m'ma 1930 dzina lakuti 'stripper' lidafala ndi tanthauzo lina, la mkazi wovina akuvula. Mawu a msilikali ndi mawu a m'nyumba ya mowa adakumana okha, popanda wowakonzera.

(b) Dzina 'rack' lili ndi matanthauzo atatu m'kamwa mwa mlenje: choikapo mfuti pakhoma kapena m'galimoto, nyanga za mphandamphanda za nswala yamphongo, ndiponso, m'chiyankhulo cha kumowa, mawere a mkazi. Mawu awiri akuti 'nice rack' amasindikizidwa pa malaya pamodzi ndi chithunzi cha nswala, ndipo chithunzicho ndicho chobisalira cha mwini malaya. Nyanga zimayesedwa mwa lamulo. Bungwe la Boone and Crockett Club, limene Theodore Roosevelt adaliyambitsa ndi anzake mu 1887, lili ndi njira yowerengera mainchesi a nyanga imene lidaikhazikitsa mu 1950. Mlenje amatchula nswala yake ndi chiwerengero cha nsonga za nyanga, monga 8 kapena 10, ndipo chizolowezi chopatsa akazi malikisi kuyambira 1 mpaka 10 chimagwera m'mphako yomweyo.

(c) Dzina 'buck' ndi nswala yamphongo, komanso ndi dola imodzi. Ambiri amati tanthauzo lachiwirili lidachokera ku malonda akale a zikopa za nswala. Nswala yathazi ndi 'doe', ndipo dzinali limamveka chimodzimodzi ndi 'dough', ufa wokanda, umene m'chiyankhulo cha mumsewu utanthauzanso ndalama. Popeza wovina amafupidwa ndi mapepala a dola imodziimodzi, nthabwala ya mlenje amene adapita kukafuna 'buck' mmodzi nabwerako atataya ambiri imadzipanga yokha.

(d) Maina a ziwalo za mfuti. Mbali yotsamira paphewa ndi 'butt', dzina limene litanthauzanso matako. Pa mfuti ya gogodela, kachitsulo kovalikapo kapu ya moto ndi 'nipple', nsonga ya bere. Kutchera mfuti ndi 'cock', dzina la tambala, limene lidaperekedwa kwa kanyundo ka mfuti zakale chifukwa ka maonekedwe ake, komanso kwa zaka mazana lakhala dzina lolaula la chiwalo cha mwamuna. H. L. Mencken adasonyeza kuti Aamereka adakonda dzina lina la tambala, 'rooster', pofuna kulambalala manyazi amenewa. M'khola la nkhuku dzinalo lidathawidwa. Pa mfuti lidatsala.

(e) Chipolopolo chokhala ndi onga wokha, chongophulika chabe osatulutsa chitsulo, ndi 'blank'. Mwamuna wosabereka amanenedwa kuti akuombera zipolopolo zotere.

3. Kamangidwe ka Nthabwala

Victor Raskin, m'buku lake la 1985 lonena za matanthauzo m'nthabwala, adaphunzitsa kuti nthabwala ndi mawu amodzi okwanira m'nkhani ziwiri zotsutsana, ndipo womvera amaseka pamene aona kuti wasunthidwa kuchoka m'nkhani yoyamba kulowa m'yachiwiri. Apa nkhani yoyamba ndi ya luso la mfuti, yachiwiri ndi ya thupi la mkazi. Koma pali zinthu ziwiri zimene chiphunzitso ichi pachokha sichifotokoza.

Choyamba, nthabwala iyi ndi mayeso. Tanthauzo lolaula la 'stripper' aliyense amalidziwa. Tanthauzo la kachitsulo ka zipolopolo amalidziwa ndi eni ntchito okha. Motero chobisika si cholaula ayi, koma luso. Mlendo amamva cholaula chokha nachita manyazi kapena kukwiya, pamene eni msasa amamuyankha ndi nkhope yozizira kuti iwo ankanena za mfuti basi. Mnyamata amene wabwera kumsasa koyamba akaseka pa malo oyenera, wasonyeza kuti mfuti amaidziwa, ndipo walandiridwa. Kuseka ndiko chiphaso cholowera.

Chachiwiri, matanthauzo awiriwa sayenda mbali zonse. Ziganizo zotere zikaphwanyidwa monga mwa galamala, mchitantchito amapezeka kuti ndi mwamuna: ndiye amatchera, amaloza, amaombera, amayesa nyanga. Mkazi amapezeka pa malo a mchitidwantchito, ndipo amalowapo m'njira ziwiri. Nthawi zina ndiye mfuti, imene imamasulidwa ndi kugwiridwa. Nthawi zina ndiye nswala, imene imazemberedwa ndi kuwerengedwa nsonga. Mfuti ndi katundu wa mlenje. Nswala ndi phindu lake. Zonse ziwiri sizilankhula. Linda Kalof, Amy Fitzgerald ndi Lori Baralt adapeza kusakanizika komweku kwa nyama, akazi ndi zida mu 2004 pofufuza magazini ya alenje a uta ndi mivi, ndipo zimenezi zisonyeza kuti maganizowa sadalira mawu a mfuti okha.

Pali nthabwala ziwiri zimene zimaoneka ngati zikuphwanya lamuloli, ya 'buck' ndi ya 'blank', pakuti mwa izo wosekedwa ndi mwamuna. M'yoyamba mlenje ndiye wasanduka nyama yokodwa, ndipo wovina ndiye wabwerera kwawo ndi kanthu. M'yachiwiri mfuti yake ndi yaphokoso chabe. Komatu wonena nthabwalazo ndi mwamuna mnzake, ndipo wosekedwayo ali pomwepo, mawa adzabweza. Sigmund Freud adaona kale mu 1905 kuti nthabwala yolaula imafuna anthu atatu: woinena, womvera amene aseka, ndi mkazi amene akunenedwa. Kumsasa, woinena ndi womvera amasinthana malo usiku uliwonse. Wachitatuyo sasintha malo.

4. Kuyerekeza ndi Zolaula Zololedwa pakati pa Anthu a Chibantu

E. E. Evans-Pritchard adalemba mu 1929 za zolaula za pagulu mu Afirika, pogwiritsa ntchito zimene ena adasonkhanitsa pakati pa Aila a ku Zambia ndi Atsonga a ku Mozambique. Adasonyeza kuti mawu amene masiku onse ndi oletsedwa amaloledwa, ngakhale kulamulidwa, pa nthawi zoikika monga pa maliro, pa chinamwali ndi pa ntchito yolemetsa yogwira pamodzi. Pa mfundo iyi msasa wa alenje ufanana kwambiri ndi tsimba kapena dambwe: uli kutali ndi mudzi, uli ndi masiku owerengeka, umasonkhanitsa anthu a mbali imodzi, ndipo zonenedwa kumeneko sizibwera nawo kunyumba. Bambo amene amalaula kumsasa sangatero pa chakudya cha banja sabata yotsatira.

Kusiyana kumaoneka pofika pa chisuweni. A. R. Radcliffe-Brown, m'nkhani yake ya 1940, adafotokoza ubale wa nthabwala monga chipongwe chololedwa pakati pa anthu awiri amene mwambo wawamanga pamodzi, ndipo adasiyanitsa ubale umene onse awiri amaseleulana ndi umene mmodzi yekha ndiye amaseleula. Pakati pa Achewa, mwana wa malume ndi mwana wa azakhali amatchulana mwamuna ndi mkazi, amatukwanizana, ndipo msuweni wamkazi sachepekedwa mawu. Chimodzimodzi Angoni ndi Abemba ku Zambia: amene wanyoza lero adzanyozedwa mawa, ndipo onsewo adzathandizana pa maliro. Chipongwe chimadza pamodzi ndi udindo. Amene ali ndi ufulu wotukwana mnzake ali ndi ngongole yomukumbira manda.

Pakati pa alenje okhaokha ubale wotere ulipo, ndipo nthabwala ya 'blank' ndi chisuweni chenicheni. Koma pakati pa mlenje ndi wovina palibe ubale wa mtundu uliwonse mwa iwiri ya Radcliffe-Brown. Kumsasa mkaziyo palibe. Kunyumba ya gule ali pa ntchito, ndipo kumwetulira kwake kwalipiridwa. Palibe mwambo womupatsa mpata wobweza, palibenso udindo umene mlenje ali nawo pa iye nyengo ikatha. Choncho kutcha zonsezi ubale wa nthabwala ndi kuika m'dengu limodzi zinthu ziwiri zosiyana.

Palinso kusiyana kwina. Pa mwambo wa Achewa, monga Brian Morris adafotokozera m'buku lake la 1998 lonena za nyama ndi anthu ku Malawi, ulenje ndi kugonana ndi zinthu zofunika kuzilekanitsa. Mlenje ankadika asanapite ku uzimba, ndipo mkazi wotsala kumudzi akachita chigololo ankati mwamuna akumana ndi ngozi kutchire. Apa mkazi si nyama yosakidwa ayi; khalidwe lake ndi limodzi mwa zimene zimasunga moyo wa mlenje. M'nthabwala za ku Wisconsin kusaka ndi kugonana kwakhala chinthu chimodzi; m'mwambo uwu ndi mphamvu ziwiri zosayenera kukhudzana.

5. Phunziro kwa Womasulira ndi Wolemba Dikishonale

Nthabwala zotsamira pa liwu limodzi siziwoloka malire. Mfuti ya Lee-Enfield, imene asilikali a King's African Rifles adanyamula, inkadzazidwa ndi kachitsulo komweko ka zipolopolo 5, koma Angerezi amakatcha 'charger'. Motero nthabwala ya 'stripper clip' imafa isanatuluke ndi m'Chingerezi momwe. Kanyundo kamene Chingerezi chimatcha tambala, Chipwitikizi ndi Chifalansa zimakatcha galu, ndipo wa ku Tete sapezamo choseketsa. M'Chichewa mwamuna wosabereka ndi gojo, kapena mwa chining'a amati adagwa m'papaya. Chining'achi chimagwira ntchito yomweyo imene 'blank' imagwira, koma chithunzi chake ndi cha mtengo, si cha chida. Womasulira akaika papaya pa malo a chipolopolo wasunga kuseka nataya mfuti, ndipo mfutiyo ndiyo inali nkhani.

Wolemba dikishonale nayenso aphunzirepo kanthu. Madikishonale ambiri a ziyankhulo za Chibantu adayambidwa ndi amishoni, ndipo tanthauzo lachiwiri la mawu monga kudya, ndiwo kapena fisi lidalembedwa mozungulira, kapena kusiyidwa kumene. Koma kungowonjezera tanthauzolo sikukwanira. Wofufuza akamva liwu lotere kumunda, kudambwe kapena kumsasa wa asodzi, ayenera kulemba zinthu zitatu: amene walinena, amene waseka, ndi ngati wonenedwayo anali ndi ufulu woyankha. Popanda funso lachitatu, chisuweni ndi chipongwe zidzaoneka chimodzimodzi papepala.

6. Mawu Otsiriza

Kafukufuku wa boma la United States wa 2011 adapeza alenje 13.7 miliyoni, ndipo 11 mwa 100 alionse anali akazi. Mkazi wokhala pa moto wa kumsasa ali ndi mfuti yakeyake amadziwa matanthauzo onse awiri a 'stripper clip', choncho sangayankhidwe kuti zikunenedwazo ndi za mfuti basi. Pamaso pake nthabwala ili ndi njira ziwiri zokha: kuleka, kapena kulola kuti iye abweze. Ikatenga njira yachiwiri, mawu adzakhala omwewo, koma malo a mchitantchito m'chiganizo adzakhala osinthana, ndipo pamenepo ndi pamene kudzakhale koyenera kuiyerekeza ndi chisuweni.