Nyongolotsi: Waganyu Wosalipidwa wa M'dimba

Ambirife tikafukula nyongolotsi ndi khasu timangoiponyera nkhuku kapena kuisungira mwana wokawedza. Komatu nyongolotsi zikachuluka m'dimba, nthaka imafewa, madzi a mvula amalowa pansi m'malo mokokolola dothi, ndipo mizu ya mpiru ndi tomato imatsata timauna timene zimaboola. Zimadya zinyalala zowola pamodzi ndi dothi, n'kutulutsa timibulu takuda tosanunkha. Timibuluti ndi manyowa opsa kale, oti mbewu siivutika kuyamwamo chakudya. Katswiri wa ku England, Charles Darwin, anazifufuza kwa zaka zoposa 40, ndipo mu 1881 anatulutsa buku lonse lonena za ntchito ya nyongolotsi panthaka.

Muli nazo kale?

Nyengo ya dzinja kumbani dzenje la masentimita 30 mulitali, mulifupi ndi kuya komwe. Thirani dothilo pachiguduli, muwerenge. Mukapeza khumi kapena kuposerapo, nthaka yanu ili moyo. Mukapeza imodzi kapena ayi, musathamangire kukagula, chifukwa vuto ndi njala ndi ludzu. Nyongolotsi imapumira pakhungu, ndiye khungu likauma imafa. Phimbirani mabedi ndi mapesi, udzu kapena masangwi a mtedza, thirani manyowa owolerana, ndipo lekani kutentha zinyalala. Chepetsaninso kugaula, poti khasu limazidula ndi kugumula mauna ake. Zoti nyongolotsi ikaduka pakati imasanduka ziwiri n'zabodza: mbali yakumutu nthawi zina imachira, yakumchira imafa.

Kuweta m'bokosi

Apa ndi pamene ambiri amasokoneza. Nyongolotsi zikuluzikulu zokumba pansi sizikhala m'bokosi. Zoweta ndi zing'onozing'ono zofiirira, monga za mtundu wa Eisenia fetida, zimene zimakonda pamwamba, m'milu ya ndowe zowola. Izinso mukazimwaza pamunda wopanda zophimbira sizichedwa kutha. Funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu komwe mungazipeze.

Pezani bokosi lamatabwa, beseni lakale kapena theka la mgolo, mulibowole kunsi kuti madzi asadikhe. Liikeni pamthunzi, chifukwa nyongolotsizi zimaswana bwino pa madigiri 15 mpaka 25, ndipo dzuwa la mu Okutobala likhoza kuzipha tsiku limodzi. Yalani udzu wouma, makatoni ong'ambang'amba ndi ndowe za ng'ombe kapena mbuzi zimene zasiya kutentha. Wazani madzi, kenako tapani pang'ono mufinye m'manja: pakatuluka dontho limodzi kapena awiri, chinyezi chakwana, madzi akachucha, mwaonjeza. Ikani nyongolotsi, muvundikire ndi chiguduli chonyowa, poti zimadana ndi kuwala.

Chakudya chake ndi makoko a nthochi ndi a mbatata, zotsalira posadzula ndiwo zamasamba, ndi zikamba za mazira zosinja. Perekani pang'onopang'ono, kudikira kuti choyamba chithe. Bokosi likayamba kununkha ndiye kuti mwachulutsa chakudya kapena madzi. Mchere, mafuta, nyama, tsabola, makoko ambiri a mandimu ndi zitosi zaziwisi za nkhuku musaikemo.

Adani ake ndi nkhuku, makoswe, achule, koma woopsa kwambiri ndi linthumbu, limene likalowa usiku m'mawa mumapeza bokosi lili mbee. Ikani bokosi pathandala, miyendo yake muimike m'zitini za madzi.

Pakatha miyezi iwiri kapena itatu, zam'bokosi zimada bii n'kumanyenyeka m'manja. Kankhirani zonse mbali imodzi, muike chakudya chatsopano mbali inayo, ndipo pakatha masabata awiri nyongolotsi zambiri zidzakhala zitasamukira komweko. Tapani manyowawo, muthire dzanja limodzi paphando lililonse pookera mbande. Mukaonamo timazira tachikasu tonga njere za mapira, tibwezereni m'bokosi: timaswa pakatha masabata atatu kapena kuposerapo.