Kupeza Gulu Lothandizana Kusiya Mowa: Muyambire Pati?

M'makomo ambiri muli munthu amene walumbirapo kambirimbiri kuti mowa wausiya, koma malipiro akangotuluka amapezeka ali kubala kapena kwa mayi wotcheza kachasu. Si kuti ndi wabodza. Uchidakwa ndi matenda, ndipo munthu akamalimbana nawo yekhayekha amagonja msanga. Chimene chapulumutsa ambiri ndi kukumana sabata ndi sabata ndi anzawo amene mowa unawazunzapo. Gulu lotere limapezeka motere.

Yambirani kuchipatala

Ngati munthu amadzuka manja akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, ndipo sakhazikika mpaka atamwako pang'ono kuti achotse matsire, asasiye mowa mwadzidzidzi ali kunyumba. Thupi lozolowera mowa likaumanidwa kamodzinkamodzi, munthu amatha kugwa ngati wakhunyu, kuona zinthu zomwe palibe, kapena kusokonezeka mutu, makamaka pa tsiku lachiwiri ndi lachitatu. Zimenezi zimatha kupha. Pitani naye kuchipatala cha boma, mufunse kuonana ndi namwino kapena dokotala wa matenda a maganizo. Chipatala cha Zomba Mental komanso a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu a vutoli. Ku Zambia kuli Chainama Hills mumzinda wa Lusaka.

Musachoke musanafunse kuti: “Kodi kuno kuli gulu la anthu amene akusiya mowa? Amakumana kuti, tsiku lanji, nthawi yanji?” Lembani yankholo papepala.

Funsaninso kwina

Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, abusa, ansembe kapena shehe amadziwa magulu amene amakumana m'zipinda za tchalitchi, kumzikiti kapena pasukulu. Gulu lodziwika padziko lonse ndi Alcoholics Anonymous, mwachidule AA. Linayamba mu 1935 ku Akron, m'dziko la America, pamene zidakwa ziwiri, Bill Wilson ndi dokotala Bob Smith, zinaona kuti kuuzana mavuto awo kunkazithandiza kugona osamwa. Kulowa AA ndi kwaulere, ndipo chofunika ndi chimodzi basi: mtima wofuna kusiya. Abale amene ali ku Joni kapena ku Britain angapeze ndandanda wa misonkhano ya AA pa intaneti polemba dzina la gululi ndi la tauni yawo. Palinso misonkhano ya pa Zoom imene munthu angalowe ndi foni ali paliponse.

Kumsonkhano kumachitika zotani?

Ambiri amaopa kuti akaimikidwa kutsogolo ngati pabwalo la milandu. Sizitero. Anthu amakhala pansi, aliyense amatchula dzina loyamba lokha, kenako ofuna kuyankhula amafotokoza mmene mowa unawawonongera ndi mmene akupiririra. Wina anena za njinga imene anapinyolitsa, wina za mwana amene ankabisala akamva bambo akugogoda usiku. Mlendo ali ndi ufulu wongomvetsera. Zokambidwa mmenemo zimathera momwemo.

Ku AA kuli misonkhano ya aliyense, imene mkazi, mwamuna kapena m'bale angaperekeze wodwalayo, ndi ina ya okhawo ofuna kusiya mowa. Mukazolowera, pemphani munthu mmodzi amene wakhala nthawi yaitali osamwa kuti akhale wokuyang'anirani, woti muzimuimbira chilakolako chikakula. Iye sakulonjezetsani za moyo wonse, amangoti: “Lero lokha musamwe, zamawa tikambirana mawa.”

Gulu labwino mulidziwa bwanji?

Gulu labwino silichititsa munthu manyazi, silifuna ndalama zolowera, ndipo siliulula zinsinsi. Thawani aliyense wokuuzani kuti musiye ma ARV, mankhwala a TB kapena ena alionse amene adokotala anakupatsani, ngakhalenso wogulitsa mankhwala oti mowa muusiye tsiku limodzi. Ngati gulu loyamba silinakukhaleni bwino, pitaninso kangapo kapena yesani lina.

Gawo la apabanja

Kukalipa ndi kutaya mabotolo sikuchiza. Lekaninso kumulipirira wodwalayo ngongole za kubala ndi kumunamizira kwa abwana kuti wadwala malungo. Mmalo mwake, muperekezeni kumsonkhano, ndipo ndalama ya kabaza muipereke kwa wakabazayo, osati kwa iye. Inunso mwatopa ndipo mukufunika omva zanu: n'chifukwa chake mu 1951 kunakhazikitsidwa Al-Anon, gulu la mabanja a anthu omwa mwauchidakwa. Ngati pakhomo pali nkhanza, musadikire kuti asinthe. Kanenani kupolisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa.

Ngati kwanu kulibe gulu

Yambitsani. Anthu awiri kapena atatu ofunitsitsa ndi okwanira, pakuti mnzako akapsa ndevu umamuzimira. Pemphani chipinda kutali ndi malo omwera mowa, ikani tsiku ndi ola losasintha, makamaka Lachisanu madzulo pamene mayesero amachuluka, ndipo dziwitsani achipatala kuti azikutumizirani ena ndi kukulangizani.

Wina akaterereka n'kumwanso, musamuthamangitse. Mutsatireni kwawo mawa lake, mumuuze kuti mpando wake ulipo, ndipo tsiku la msonkhano mudzamutenge.