PHUNZIRO LA SABATA INO: Tikafika Kumudzi, Tikhale Pansi



Khrisimasi yayandikira, ana atsekera sukulu, ndipo ambiri a ife tayamba kale kulongedza shuga, sopo, mafuta ophikira ndi chitenje cha amayi. Kalembera wa 2018 adawonetsa kuti mwa Amalawi 100 aliwonse, pafupifupi 84 amakhala kumidzi. Ndiye kuti ambiri a ife tili ndi kholo, agogo, amalume kapena azakhali amene masiku ano akuyang'ana kunjira.

Ulendo wathu timaudziwa mmene umayendera. Timafika Loweruka masana. Moni, mphasa yayalidwa, nkhuku yaphedwa. Tikangosamba m'manja titatha kudya, timati tikufuna tikawone anzathu pa tuledingi, tikatchajenso foni. Pobwera, agogo agona. M'mawa mwake timakweza thumba la mtedza ndi mango, n'kunyamuka. Amayi atsala ndi shuga, koma nkhani imene akhala akuisunga chaka chonse yatsala m'khosi. Phunziro lathu lero lili pa nthawi imene timapatsa abale athu tikafika kwathu.

Maria adakhalako miyezi itatu

M'nyengo ino ya Adventi timakumbukira ulendo wa Maria Virgo Woyera wokachezera mbale wake Elizabeti (Luka 1:39-56). Kuchokera ku Nazarete kukafika kumapiri a ku Yudeya ndi mtunda wa makilomita opitirira 100, ndipo masiku amenewo kudalibe basi. Elizabeti adali wokalamba, ali ndi pathupi pa miyezi isanu ndi umodzi. Mwamuna wake Zakariya adali wosatha kulankhula. M'nyumba yotere mumafunika wotunga madzi, wophika, komanso woti mayi wotopa azicheza naye.

Luka satiwuza kuti Maria adanyamula mphatso yanji. Akutiwuza zinthu ziwiri: adapita mofulumira, ndipo adakhalako pafupifupi miyezi itatu. Adafulumira popita, sadafulumire pobwerera. Ife timachita mosiyana: timazengereza chaka chonse, mwina mpaka titamva uthenga wa maliro, koma tikafika timakhala tikuyang'ana wotchi.

Lamulo lachinayi silikalamba

Lamulo lotiwuza kulemekeza atate ndi amayi (Eksodo 20:12) timakonda kuliphunzitsa ana a m'kalasi la katekisimu, ngati kuti munthu akayamba ntchito lamuloli latha mphamvu. Buku la Mphunzitsi Siraki, mutu 3, limene timawerenga pa chaka cha Banja Loyera, likulankhula ndi anthu akuluakulu. Likutilangiza kusamala kholo likakalamba ndi kulilezera mtima ngakhale nzeru zake zitayamba kuchepa. Kuleza mtima kumafuna nthawi. Agogo amene akubwereza nkhani imodzi katatu sitingawalezere mtima titaimirira pakhomo la galimoto.

Pa Marko 7:9-13, Ambuye Yesu adadzudzula anthu amene ankati chuma chawo adachipereka kwa Mulungu, choncho sangathandizenso makolo. Nafenso tingagwe m'mbuna yomweyo. Munthu amatha kupezeka ku kwaya, kumsonkhano wa bungwe ndi ku mphakati sabata iliyonse, koma kwa amayi ake sadagoneko usiku umodzi zaka zitatu. Ntchito za Mpingo ndi zabwino, koma sizitichotsera lamulo lachinayi.

Zimene zimapezeka pamphasa

Pali zinthu zimene sizimveka pafoni. Mukafunsa kuti, "Muli bwanji, amayi?" yankho limakhala lakuti, "Tili bwino, mwanangu, kaya kumeneko?" Makolo safuna kutidetsa nkhawa. Koma mukagonako masiku awiri mudzawona nokha kuti miyendo yatupa, mankhwala a BP adatha mwezi watha, denga likudontha pamwamba penipeni pa mphasa yawo, ndipo mdzukulu amene amakhala nawo sakupitanso kusukulu.

Palinso nzeru zimene zimapita kumanda limodzi ndi mwini wake. Malire a munda amathera pamtengo uti? Manda aja ndi a yani? Banja lakutsidya kwa mtsinje chibale chake ndi ife chidayenda bwanji? Milandu yambiri ya malo imene imafika kwa mfumu imayamba chifukwa wodziwa adamwalira asadafunsidwe. Akuluakulu adati mawu a akulu akoma akagonera, koma amagonera mwa munthu amene adakhala pansi n'kuwamva.

Chikhulupiriro nachonso chimayenda njira yomweyo. Paulo Woyera adakumbutsa Timoteo kuti chikhulupiriro chake chidayambira mwa agogo ake Loisi ndi amayi ake Yunisi (2 Timoteo 1:5). Ndi chifukwa chake mu 2021 Papa Fransisko adakhazikitsa tsiku lokumbukira agogo ndi okalamba, Lamulungu lachinayi la mwezi wa Julaye, pafupi ndi chaka cha Yowakimu ndi Anna Oyera, makolo a Maria. Mwana wakutauni amene wapempherapo korona ndi agogo ake pakhonde saiwala.

Zimene zimatibweza m'mbuyo

Tinene zoona: si onse amene amapita kwawo mtima uli mbee. Ena akuchita manyazi chifukwa ntchito idatha ndipo alibe chonyamula. Ena amatopa ndi zopempha, poti aliyense amabwera ndi vuto la feteleza kapena fizi. Ena adayambana ndi abale pa chuma cha masiye, ndipo ena amawopa kulodzedwa.

Kwa wopanda kanthu: amayi anu adakuberekani mulibe kanthu m'manja. Pitani ndi paketi imodzi ya mchere, mukagwire khasu. Kwa wotopa ndi zopempha: gwirizanani m'banja musananyamuke kuti mungathe zingati, ndipo mukanene chilungamo mwaulemu m'malo molonjeza zabodza. Kwa amene adayambana ndi m'bale: chibale ndi fupa, sichiwola. Pemphani amalume kapena wamkulu wina wodalirika akukhazikeni pansi, wina wa inu asadatsikire kuli chete. Kwa wamantha: kambiranani ndi Bambo Mfumu musanapite, ndipo kumbukirani kuti okalamba ambiri m'dziko muno azunzidwa, ena kuphedwa kumene, chifukwa chongonamiziridwa ufiti. Mkhristu asawonjezere moto pa mphekesera zotere.

Tichite bwanji ulendo uno?

1. Tiwonjezere usiku umodzi pa masiku amene tidakonza. Ngati ndalama zachepa, tichepetse mphatso.

2. Tikumbukire kuti Disembala ndi nthawi imene nkhokwe zambiri zayamba kupepuka. Tikapita ndi ana anayi, tinyamule ufa ndi ndiwo zathu kuti tikachoka asatsale ndi njala.

3. Tipereke moni kwa aliyense monga mwa mwambo, khomo ndi khomo, kuyambira kwa akuluakulu. Ana athu tiwawuze mayina ndi chibale: awa ndi azakhali, awa ndi amalume.

4. Tigwire nawo ntchito. Ino ndi nyengo yopalira, ndipo nkhani zambiri zimatuluka pamzere kapena pochapa kumjigo.

5. Pa nthawi ya chakudya ndi macheza a madzulo, foni ikhale m'chikwama, yathu ndi ya ana yomwe.

6. Lamulungu tipite nawo kutchalitchi chawo, ngakhale kulibe wansembe ndipo mapemphero akutsogolera ndi akatekisiti. Ngati pali wodwala amene sadalandire masakramenti nthawi yaitali, tidziwitse atsogoleri a mpingo kumeneko.

7. Okwatirana asakondere mbali imodzi. Apongozi nawonso ndi makolo.

Amene chaka chino sitingathe kuyenda, tiyimbe foni yosathamanga, tilankhule ndi aliyense, ana athu alankhulenso. Tiyang'anenso mu mphakati mwathu: muli okalamba amene ana awo ali ku Johannesburg kapena kutali kwina, ndipo palibe wowagogodera.

Mafunso okambirana mu mphakati

Kodi ulendo wanga womaliza wopita kwathu udali wa maliro kapena wokacheza?

Ndi funso liti limene ndikufuna kufunsa makolo kapena agogo anga akadali moyo?

Ndi m'bale uti amene ndiyenera kuyanjana naye Khrisimasi ino, ndipo ndani angatithandize?

Pemphero

Ambuye, mudasankha kubadwira m'banja ndi kukulira m'mudzi wa Nazarete. Tetezani onse amene ali paulendo masiku ano. Tipatseni mtima wa Maria, wofulumira kupita ndi wosafulumira kubwerera, kuti makolo athu akondwere nafe akadali moyo. Amen.