Kupatsa Mosaliza Lipenga

Ana inu, Thanksgiving ikamayandikira mu Okutobala, masukulu ndi matchalitchi kuno amasonkhanitsa zakudya zopita ku Markham Food Bank: mpunga, nyemba za m'zitini, mafuta ophikira. N'zabwinotu zimenezi. Koma pa Mateyu 6, Yesu anachenjeza za kuliza lipenga pothandiza osauka n'cholinga choti anthu atitamande. Lipenga la masiku ano ndi foni! Amene akalandire chitini chanucho mwina ndi mnzanu wa m'kalasi. Kodi angasangalale kuona nkhope yake pa Instagram? Kumudzi, agogo akamapititsa ufa kwa wodwala amavundikira dengu ndi nsalu, kuti mnzawoyo asachite manyazi.

Ntchito: Funsani amayi kapena bambo tanthauzo la mawu akuti "kudzichepetsa", kenako lembani chiganizo chimodzi.